Njira Zinayi Zopita ku Disiki Imodzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IKWERE KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Omvera athu kwa Chapananga kuno, ku Gaga, ku Changoima, ku Kakoma, pa boma pa Chikwawa, ku Nchalo mpaka ku Nsanje, ino ndi pulogalamu yathu ya luso la makompyuta. Amene muli kudimba kapena mukuweta mbuzi muli ndi wailesi m'manja, musatseke poganiza kuti za lero ndi za anthu a m'tauni okha. Zikukhudza ndalama zanu, chiphaso chanu ndi mbiri yanu yakuchipatala.

Pali mawu amene tonse tinawamvapo pawindo la ofesi kapena pa kauntala ya ejenti wa ndalama za pafoni: "Pepani bambo, sisitimu yagwa, mubwere mawa." Munthu wapalasa njinga kuchokera kutali, dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo, ndiye akubwerera chimanjamanja. Zogwetsa sisitimu n'zambiri: magetsi, netiweki, akuba a pa intaneti, ngakhale munthu kungolakwitsa batani. Lero titengapo chimodzi chokha chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndicho njira imene seva imadutsa pokatenga zinthu pa madisiki ake.

Tiyambe ndi kumene zinthu zanu zili. Ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money sizikhala mufoni yanu ayi. Ndi manambala olembedwa pa madisiki, m'chipinda chozizira kwinakwake kutali ndi inu. Chimodzimodzinso dzina ndi zidindo za zala zimene bungwe la National Registration Bureau linatenga m'kalembera wa 2017, pamene Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika. Mu Julayi 2022 boma linatsegula National Data Centre mumzinda wa Blantyre, nyumba yosungiramo zinthu za boma zotere. Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso ali ndi zipinda zawo.

M'zipinda zimenezi ntchito amaigawa pawiri. Seva ndi kompyuta yamphamvu imene imawerengetsa ndi kuyankha mafunso. Koma madisiki ake nthawi zambiri sakhala m'mimba mwake monga zilili ndi laputopu. Amakhala m'bokosi lina lapadera lokhala ndi madisiki ambirimbiri, limene maseva angapo amagawana. Pakati pa seva ndi bokosilo pamakhala netiweki yakeyake yotchedwa SAN, imene imayenda pa zingwe za ulusi wagalasi m'njira ya Fibre Channel, kapena pa zingwe za netiweki wamba m'njira ya iSCSI.

Tiyende ndi uthenga umodzi tione pamene ukudutsa. Ukutuluka mu seva kudzera pa khadi lotchedwa HBA. Pakamwa pa khadilo pali kachipangizo kakang'ono, SFP, kosandutsa magetsi kukhala kuwala. Kuwalako kukuyenda m'chingwe mpaka pa switch, makina olumikiza zingwe zambiri. Kuchoka pa switch, chingwe china chikupita ku controller, amene ndi ubongo wa bokosi la madisiki lija. Khadi, SFP, chingwe, switch, chingwe china, controller. Chimodzi mwa izi chikafa, madisiki angakhale ali bwinobwino, zinthu zanu zonse zilimo, koma seva singazifikire.

Ife a kwa Chapananga sitifunika kutifotokozera kawiri zimenezi. Mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza utawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, chipatala cha pa boma chinali pomwe chinali, madokotala analipo, msika unalipo. Chimene chinasowa ndi powolokera. Ndipo aliyense amene anayesapo kuzungulira njira ina nthawi ya dzinja akudziwa kuti njira yachiwiri imathandiza pokhapokha ngati pali amene wakhala akuisamala nthawi imene palibe amaifuna. Sungani zimenezi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Akatswiri amamanga chilichonse pawiri. Seva imakhala ndi makomo awiri otulukira. Ma switch amakhala awiri osalumikizana, amene amawatcha mbali A ndi mbali B. Bokosi la madisiki limakhala ndi ma controller awiri. Tiwerengere limodzi. Khomo loyamba la seva likupita ku switch A, ndipo switch A ikufika kwa controller woyamba ndi wachiwiri yemwe: njira ziwiri. Khomo lachiwiri likupita ku switch B, imenenso ikufika kwa onse awiri: njira zina ziwiri. Zonse pamodzi njira zinayi zopita ku disiki imodzi.

Apa pabuka vuto loseketsa. Seva payokha sidziwa kuti njira zinayizi zikuthera malo amodzi. Imaona ngati yapatsidwa madisiki anayi. Pa Linux imawapatsa mayina osiyana: sdb, sdc, sdd, sde. Munthu wosadziwa akhoza kusangalala kuti malo achuluka, n'kuyamba kulemba zina pa sdb, zina pa sdc, osadziwa kuti akufufuta ndi dzanja lamanja zimene walemba ndi lamanzere.

Ntchito yothetsa chisokonezochi ndi ya pulogalamu yotchedwa multipath. Pa Linux ndi device-mapper multipath, pa Windows Server ndi MPIO, ndipo VMware ili ndi yakeyake. Disiki iliyonse ya m'bokosi muja ili ndi nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse, yotchedwa WWID. Multipath imafunsa njira iliyonse kuti, "Kumapeto kwakoko kuli ndani?" Ikaona kuti zinayi zonse zatchula nambala imodzi, imazimanga mtolo umodzi n'kupereka dzina limodzi, mwachitsanzo mpatha. Kuyambira pamenepo mapulogalamu onse ayenera kulankhula ndi mpatha basi.

Ndikutsindika mawu akuti basi chifukwa cholakwa chofala chili pomwepa. Wina amaika multipath bwinobwino, koma polumikiza database, pulogalamu yosunga manambala ndi mayina aja, amalemba sdb m'malo mwa mpatha. Zonse zimayenda mosadandaulitsa, miyezi n'kumapita. Kampani inalipira njira zinayi koma ikuyenda pa imodzi, ndipo tsiku limene chingwe cha sdb chidzathyoke, zitatu zinazo zidzangokhala chete osathandiza kanthu.

Kagwiritsidwe ntchito ka njirazi kamalembedwa mufailo yotchedwa multipath.conf. Mukhoza kunena kuti njira imodzi izigwira ntchito, zina zizidikira. Mukhoza kunena kuti zonse zizilandirana katundu, kapena kuti uthenga uzipita ku njira imene ili ndi mzere waufupi. Mabokosi ambiri amasiku ano amauza okha seva, kudzera m'dongosolo lotchedwa ALUA, kuti disiki yakutiyakuti mwini wake ndi controller uyu, choncho njira ziwiri zodzera kwa iye ndi zachidule, ziwiri zinazo ndi zozungulira. Pa zimenezi langizo langa ndi lalifupi: tsatirani zimene opanga bokosilo analemba. Musakopere failo ya munthu wina pa intaneti, ya bokosi la mtundu wina, chifukwa choti kwa iye inagwira.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano tifike pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mu seva mumakhala kapulogalamu kosagona kotchedwa multipathd. Ntchito yake ndi kugogoda pa njira iliyonse. Kamatumiza kafunso kakang'ono kotchedwa Test Unit Ready, kutanthauza kuti, kodi ulipo ndipo wakonzeka? Ngati simunasinthe kalikonse, kamayamba kugogoda pa masekondi 5 alionse, ndipo njira ikamayankha bwino kamatalikitsa mpaka masekondi 20. Njira ikasiya kuyankha, imachotsedwa pa ntchito, katundu wake n'kupatsidwa zinzake. Wogwiritsa ntchito kunja kuno mwina angoona kuchedwa kwa kanthawi kochepa, mwinanso osaona kanthu n'komwe.

Ubwino wake ndi umenewo, ndipo ngozi yake ndi yomweyonso. Seva ya njira imodzi ikadukidwa chingwe, mafoni amalira nthawi yomweyo, bwana amatuluka mu ofesi, munthu amathamanga kukakonza. Seva ya njira zinayi ikataya ziwiri, palibe foni imene imalira. Ntchito ikuyenda. Aliyense akupita kwawo madzulo ali wokondwa. Mbali B yonse ikhoza kukhala yakufa kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba, popanda wodziwa.

Ndiye limafika tsiku. Kawirikawiri silikhala tsiku la namondwe ayi, limakhala tsiku la ntchito wamba. Akatswiri akufuna kuika pulogalamu yatsopano mu switch A, ndipo kuti atero ayenera kuizimitsa kwa mphindi zochepa. Akunena molimba mtima kuti palibe vuto, mbali B inyamula. Akuzimitsa. Mbali B inafa kalekale. Sisitimu yagwa, ndipo lipoti lidzanena kuti vuto linachitika Loweruka usiku, pamene zoona zake n'zakuti linachitika miyezi ingapo m'mbuyomo, tsiku limene khoswe anatafuna chingwe kapena wina anachikoka posesa kuseri kwa makina.

Kuona ngati njira zili moyo n'kosavuta, ndipo achinyamata amene mukuphunzira Linux tengani cholembera. Lembani liwu lakuti multipath, dumphani mpata, ikani kamzere kopingasa, kenako zilembo L ziwiri zazing'ono. Kompyuta ikuonetsani dzina lija mpatha, nambala yake ya WWID, kukula kwa disiki, ndipo pansi pake mzere umodzi pa njira iliyonse. Mzere wa njira yamoyo umathera ndi mawu atatu achingerezi: active ready running. Njira yakufa imalembedwa failed faulty. Ngati bokosi lanu lili ndi ALUA muona magulu awiri, lina lolembedwa prio 50, ndizo njira zachidule, lina prio 10, ndizo zozungulira.

Koma musangosakasaka mawu akuti failed. Werengani mizere. Njira ikafa kwa kanthawi, seva imatha kuichotseratu pa mndandanda. Mukayang'ana mupeza mizere iwiri yokha, yonse yolembedwa active ready running, yooneka bwino kwambiri. Munthu amene sakudziwa kuti payenera kukhala inayi amatseka kompyuta n'kunena kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake disiki iliyonse iyenera kulembedwa penapake kuti njira zake ndi zingati, ndipo chofunika kuyerekeza ndi nambala imeneyo.

Multipathd imalembanso zonse m'buku la zochitika la seva, limene akatswiri amati log. Njira ikafa mupezamo mzere wonena remaining active paths, kutsogolo kwake nambala ya njira zotsala. Makinawo sabisa kanthu. Vuto n'lakuti bukulo palibe amaliwerenga tsiku limene zinthu zikuyenda. Choncho ntchito yowerengayo ipatseni pulogalamu yolondera, monga Nagios, Zabbix kapena Prometheus, zimene zimapezeka mwaulere. Iuzeni kuti njira zikachepera zinayi itumize uthenga pafoni ya munthu amene ali pa ntchito usiku umenewo. Ndikunena munthu weniweni, wodziwika dzina, osati imelo ya dipatimenti imene aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuiwerenga. Ndipo alamuyo isatsekedwe kufikira njira itabwerera. Ine ndimaona kuti ofesi imene imalola uthenga wa njira yakufa kugona sabata yathunthu inangotaya ndalama pogula switch yachiwiri.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Pali njira ina yoipa kuposa yakufa, ndiyo yodwala. Chingwe cha ulusi wagalasi chapindidwa kwambiri pakona, kapena fumbi lalowa pamutu pake, kapena SFP yakalamba ndipo kuwala kwake kwachepa. Kafunso kakang'ono kaja ikuyankha bwino, ndiye multipathd ikuti ili moyo. Ikapatsidwa katundu weniweni ikulephera, ikuchotsedwa. Patapita masekondi ikuyankhanso, ikubwezedwa. Uthenga uliwonse wogwera pa njira imeneyi ukudikira kaye kenako n'kutumizidwanso kwina, ndipo sisitimu yonse ikukwawa. Apa ndi pamene kalaliki amakuuzani kuti, "Sinagwe koma ikuchedwa." Chizindikiro chake mu log ndi njira imodzimodzi yomwe ikufa ndi kudzuka kambirimbiri, ndiponso manambala a zolakwika akukwera pa khomo lake pa switch. Mankhwala oyamba ndi kuitseka dala njirayo, kuti zinzake zamoyo zigwire ntchito mwamtendere, kenako n'kupukuta mutu wa chingwe ndi chopukutira chake kapena kusintha chingwe ndi SFP. Kutentha nako kumafulumizitsa ukalamba wa tizipangizoti, ndipo kuchigwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, makina oziziritsa chipinda akafa musayembekeze kuti enawo akhalitsa.

Funso lina limene woyang'anira aliyense ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi njira zangazi zikukumana pati? Pa pepala zikhoza kuoneka zosiyana, koma ma switch onse awiri alumikizidwa pa soketi imodzi ya magetsi. Kapena makomo awiri a seva ali pa khadi limodzi. Kapena zingwe zonse zadutsa mu paipi imodzi pansi pa msewu, podikira khasu la munthu mmodzi. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za intaneti za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa. Intaneti inavuta ku Tanzania, Mozambique, Kenya ndi kuno ku Malawi. Zingwe ziwiri, eni ake osiyana, koma zinadutsa dera limodzi la nyanja. Za magetsi tikuzidziwa tokha: namondwe Ana yemwe uja anawononga damu la Kapichira m'boma lathu lino, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Malo amene analibe jenereta ndi mabatire odalirika, kuchuluka kwa zingwe sikunawapindulire kanthu.

Nanga njira zonse zikafa nthawi imodzi, seva itani? Apa mwini wake ayenera kusankhiratu, pa mzere wa mufailo ija wotchedwa no path retry. Mukati ilephere nthawi yomweyo, mapulogalamu amalandira uthenga wa cholakwika, database imaima, ndipo mudzafunika kuidzutsa ngakhale njira zitabwerera patangotha masekondi ochepa. Mukati idikire mpaka kalekale, palibe cholakwika chimene chituluke, koma mapulogalamu amauma gwa, osatheka ngakhale kuwatseka, ndipo seva inzake imene ikanatenga ntchitoyo mwina siidziwa kuti mnzake wakomoka. Ambiri amasankha pakati, kupereka nambala. Mukalemba 12, ndipo kugogoda kukuchitika pa masekondi 5 alionse, seva ipirira pafupifupi mphindi imodzi isanagonje. Nambala yoyenera imadalira kuti controller wanu amatenga nthawi yaitali bwanji kuti alandire ntchito ya mnzake.

Ndipo zonsezi muziyese. Sankhani usiku umene anthu sakugwiritsa ntchito kwambiri, uzani akuluakulu, onetsetsani kuti njira zonse zili moyo, kenako zulani chingwe chimodzi ndi dzanja lanu. Onani ngati ntchito ikupitirira, ngati uthenga wafika pafoni, ndipo mukabwezera, ngati njira yabwerera yokha. Mukatero chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mabwana ambiri amaopa zimenezi, amati musakhudze chimene chikuyenda. Koma chingwecho chidzazuka ndithu tsiku lina, ndipo kuli bwino chizuke katswiri ataimirira pomwepo kusiyana ndi tsiku la malipiro kumapeto kwa mwezi. Ikaninso chizindikiro kumapeto onse awiri a chingwe chilichonse, mbali A mtundu wake, mbali B mtundu wina, kuti wokonza usiku asazule chamoyo m'malo mwa chakufa.

Mawu amodzi achenjezo tisanapitirire. Multipath imateteza njira yokha. Disiki ikafa, chimene chimathandiza ndi RAID, dongosolo lofalitsa zinthu pa madisiki angapo, limene dzina lake linachokera kwa akatswiri a yunivesite ya California ku Berkeley mu 1987. Munthu akafufuta failo molakwitsa, kapena akuba akamanga zinthu zanu n'kumafuna dipo, kapena madzi akalowa m'chipinda, chimene chingakupulumutseni ndi kope losungidwa kumalo ena. Kufufuta kolakwika kumadutsa bwinobwino pa njira zinayi zonse.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Wina akhoza kunena kuti, "Nanga ife kuno, kopanda SAN ngakhale imodzi, tiziphunzirira pati?" Simufunika makina a mamiliyoni. Laputopu yakale yokhala ndi memori yokwanira ikwana. Ikanimo VirtualBox, imene ndi yaulere, mupange makompyuta awiri ongoyerekeza a Linux. Iliyonse muipatse makhadi awiri a netiweki, pa manetiweki awiri osiyana. Yoyamba ikhale bokosi la madisiki pogwiritsa ntchito targetcli. Yachiwiri ilumikizane nayo pa iSCSI kudzera m'ma adiresi onse awiri. Muona disiki imodzi ikuoneka kawiri. Yatsani multipath, muone ikusanduka mpatha. Yambani kukopera failo yaikulu, ndipo kukopera kuli mkati zimitsani khadi limodzi. Ntchito iima kwa kanthawi, mwina mpaka mphindi ziwiri ngati simunafupikitse nthawi yodikira ya iSCSI, kenako ipitirira pa njira inayo. Mnyamata kapena mtsikana amene wachita zimenezi ndi manja ake, akadzafika ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena pa mayeso olowera ntchito kubanki, adzakhala ndi chokamba chimene anzake anangochiwerenga m'buku.

Kwa inu a bwana amene mumasainira ndalama zogulira makina, kaya ndi kukhonsolo, kubanki, kukampani kapena kubungwe, simufunika kudziwa Linux. Lolemba likubwerali itanani katswiri wanu mumufunse mafunso atatu. Disiki iliyonse ili ndi njira zingati zamoyo lero, ndipo zimayenera kukhala zingati? Imodzi ikafa usiku, foni ya ndani ilira? Munazula liti chingwe komaliza poyesa? Akayankha kuti sanayesepo, musamukalipire, mupatseni tsiku ndi chilolezo cholembedwa kuti akayese.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi, tidzawayankha mu pulogalamu ya sabata yamawa, pamene tidzakambe za kasungidwe ka makope a zinthu zofunika kumalo ena. 

(NYIMBO YOTSEKERA)